Kodi kulanti (madzi oziziritsa injini) wa mu lediyeta tizisintha liti?

Wa ku Chinamwali: Akuluakulu, galimoto yanga imatentha ndikamakwera msewu wa ku Chawe, ndipo madzi a mu lediyeta asanduka ofiirira. Kodi amayenera kusinthidwa pakapita nthawi yaitali bwanji?

Makaniko wa ku Matawale: Bambo, kufiirako ndi dzimbiri, choncho musachedwe. Kulanti wobiriwira wamba amasinthidwa pakatha zaka 2, pomwe wapinki wokhalitsa amafika zaka 5, koma tsatirani buku la galimoto yanu. Potsuka, khuthulani wakale yense, chifukwa kungothira watsopano pamwamba sikuchotsa litsiro.

Mayi wa ku Sadzi: Kuthira madzi a pampopi opanda kulanti kumayambitsa dzimbiri. Komanso musatsegule chivundikiro cha lediyeta injini ili yotentha, mungapse.