Kodi mabuku 22 a Tintin ndi oyenera K180,000?

Bambo Phiri, Area 25:
Abale anga, ndikupempha nzeru. Mnzanga wina wa ku Area 47 akusamukira kunja, ndipo akugulitsa mabuku 22 a Tintin a m'Chingerezi pa K180,000, koma wakanitsitsa kuwagulitsa limodzilimodzi. Ana anga, wa sitandade 4 ndi wa sitandade 7, amangokanirira pa foni, ndiye ndimati mwina nthano zazithunzizi zingawakoke. Kodi ndigule?

Mayi Nabanda, Kawale:
A Phiri, mtengowo ukutanthauza kuti buku lililonse likupitirira pang'ono K8,000, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, buku la zithunzi zamitundu lochokera kunja silipezeka pa mtengo wotere. Komabe muyambe mwafunsa kuti akusowawo ndi ati, popeza onse alipo 24 tikawerengera lomaliza lija, limene wolemba ndi kujambula mabukuwa, Hergé, anamwalira asanalimalize mu 1983. Nthano zina zili m'mabuku awiriawiri, monga ya ulendo wa ku mwezi ndi ya chuma cha Red Rackham, kotero likasowa limodzi mwa amenewa, mwana adzatsala m'malere nkhani ili pakati.

Bambo Phiri:
Ndafunsa, mayi. Akusowa ndi losamalizidwalo komanso la ku Congo.

Bambo Gondwe, Area 18:
Ngati ndi choncho, achimwene, simunaluze kanthu. Buku la ku Congo linayamba kutuluka mu 1930, dzikolo lili m'manja mwa atsamunda a ku Belgium, ndipo Aafirika anajambulidwa ndi milomo yonenepa mopitiriza, olankhula ngati ana ndiponso ogwadira mzungu. Munthu wina wa ku Congo anafika nalo kukhoti ku Brussels kuti liletsedwe, ngakhale kuti mu 2012 khotilo linakana pempho lake. Nkhawa yanga ndi yakuti mzimu womwewo umasuzumira m'mabuku enanso, ndipo sindikuona chifukwa chotayira ndalama yochuluka chonchi kuti ana athu aziphunzira kuona dziko ndi maso a mzungu wa zaka za m'ma 1930.

Mayi Nabanda:
Mwanena zoona, a Gondwe, koma wojambulayo sanaime pamenepo. Pokonza The Blue Lotus, lomwe linatuluka mu 1936, anathandizidwa ndi wophunzira wa ku China, Zhang Chongren, ndipo bukulo limadzudzula poyera zimene asilikali a Japan ankachita m'dzikomo. Mabuku a ku mwezi anatuluka mu 1953 ndi 1954, pamene munthu anakapondako mu 1969. Mwana wa sitandade 7 akawerenga zimenezi bambo ake ali pambali, mafunso amene angafunse ndi phindu ndithu, ngakhale mafunso okhudza tsankho lomwelo.

Mayi Chisale, Chilinde:
Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndikuona kuti tonse tikuiwala wamng'onoyo. Tintin ali ndi mawu ambiri pa tsamba lililonse, ndipo Chingerezi cha Captain Haddock, mnzake wa Tintin, akapsa mtima chimavuta ngakhale ana a sekondale. Wa sitandade 4 adzangoona zithunzi n'kuponya buku pansi. Ameneyo mumpezere Supa Strikas, nthano ya mpira yochokera ku South Africa, imene mawu ake ndi ochepa. Ndiponso musanatulutse ndalama, apititseni anawo ku National Library ku City Centre kuti muone ngati nthano zazithunzi zilizonse zingawakhazike pansi kwa ola lathunthu.

Bambo Gondwe:
Ndiwonjezerepo za mabuku enieniwo. Ambiri amakhala ndi masamba 62, choncho kuona ngati masamba onse alipo n'kosavuta. Mutsegule lililonse pakati kuti muone ngati guluu sanaume, mununkhize ngati mulibe chuku cha nthawi ya dzinja, ndipo muyang'ane m'mphepete ngati chiswe sichinadyemo. Ife tinakulira Pewani, nthano yazithunzi ya Brian Hara, m'nyuzipepala, ndipo ndikanakhala ine, ndalama imeneyi ndikanaisungira wojambula wa kuno kwathu.

Mayi Nabanda:
Pamene tikudikira wojambulayo, a Phiri, ine ndingathe kuperekapo theka, mabukuwo azizungulira pakati pa nyumba zathu ziwiri.

Bambo Phiri:
Zikomo nonse. Loweruka ndikawaona ndili ndi wamkuluyo, ndipo akawerenga limodzi mpaka kumapeto osapempha foni, ndiyamba kunenerera kuchokera pa K140,000. Mayi Nabanda, theka lanulo mulisunge kaye.