Resistor pa sensa ya mpweya: ndipange kapena ndisiye?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu thandizeni. Galimoto yanga yafooka, chitunda cha Thabwa ndikumakwera ngati ndikukoka ngolo, makamaka masana. Zinayamba mlamu wanga ataibwereka kupita nayo ku ukwati. Anaibweza tanki ili gwa, zikomo osanena, ndipo mayi akunyumba akuti ndisamufunse. Pano mnyamata wina akuti andiikire resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa, pa waya wa sensa yoyeza kutentha kwa mpweya wolowa mu injini, IAT ija, kuti kompyuta bokosi iziganiza kuti kunja kukuzizira, taimingi (nthawi imene mapulagi amayatsa moto) ipite patsogolo. Akufuna K25,000, ndiye ndi ya fizi ya mwana. Ndipange?

Madala wa Datsun: GALIMOTO ZA MASIKU ANO NDI ZIDOLE. Ife timangomasula distributor, chogawa moto ku mapulagi chija, kupotoza pang'ono, kumvetsera ndi khutu, basi. Inu mawaya, mawaya.

Wamawaya ku Ndirande: Ndi galimoto yanji bwana? Injini yanji? Sensa imeneyi resistance yake imatsika ikatentha: pa Toyota zambiri imakhala cha m'ma 2.5 kilo-ohm pa madigiri 20. Mukawonjezera resistor, kompyuta imawerengadi ngati kwazizira, n'kuwonjezera mafuta. Koma mafuta owonjezerawo oxygen sensa, yoyeza utsi ku ekizozi ija, imawabweza, ndipo injini ikayamba kugogoda knock sensa imabwezanso taimingi kumbuyo. Mutaya ndalama.

Nachisale: Vuto si sensa, ndi mlamuyo. Wanga anandibwezera Vitz bampala itamangidwa ndi linya.

Madala wa Datsun: Knock sensa chiyani! Ndinayendetsa zaka 22 wopanda sensa ngakhale imodzi. Mwana iwe unabadwa liti?

Wamawaya ku Ndirande: Madala, distributor mwaiona pa Sienta?

Membala wobisa dzina: Ndi ya silva, automatic. Mlamuyo wandiblokanso pa WhatsApp.

Taxi ya Chikwawa: Kkkk ya silva. Achimwene, kuno Okutobala timapitirira madigiri 40, ndiye mukanamize injini kuti ili ku Dedza? Kompyuta imabweza taimingi dala mpweya ukatentha, kuteteza mapisitoni. Ine anandiikira chinthu chomwecho, check engine inayaka, makina anawerenga P0113, nambala ya vuto la IAT, ndinalipiranso kuchotsa.

Madala wa Datsun: Mwaona? Makina kuwerenga makina anzake, inu n'kumalipira. Chotsani catalytic converter, chosefa utsi cha ku ekizozi chija, galimoto iuluka.

Mlongo wanu mwa Ambuye: Fizi ya mwana kugulira kawaya? Amuna inu Mulungu akukhululukireni.

Probox 1NZ: Musachotse catalytic, ndi zomwe anyamata amafuna akagulitse. Ngati injini ndi 1NZ ngati yanga, IAT ili mkati mwa air flow sensa, yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa ija, pulagi ya mawaya 5. Akadula wolakwika mudzalira. Yanga inkafooka chonchi, kunali fumbi chabe: ndinasintha air cleaner, kutsuka sensa ndi spray yake, osati petulo.

Madala wa Datsun: Petulo amatsuka chilichonse.

Probox 1NZ: Kawaya kamkatimo ndi kopyapyala ngati tsitsi, madala, mukakhudza kwatha.

Taxi ya Chikwawa: Mapulagi munasintha liti? Komanso mlamuyo sanathire wa m'zigubu?

Membala wobisa dzina: Zoti anathira kuti sindingadziwe, paja sitikulankhulana. Ndiye resistor yake ndigule ya ma ohm angati?

Wamawaya ku Ndirande: Bwana, tsegulani boneti mujambule injiniyo. Kapena blue book yomwe.

Madala wa Datsun: Gulitsani, mugule Datsun.