Zija ndinafunsa za mneni wa Chingerezi lend

Sabata yatha ndinafunsa za mawu ofanana ndi otsutsana tanthauzo ndi mneni lend, chifukwa mwana wanga wa Fomu 2 anabwera ndi funsoli kuchokera kusukulu. Zikomo nonse amene munayankha. Tsopano zamveka.

Chimene chinkatisokoneza ndi Chichewa chathu chomwe. Ife timati "ndibwereke khasu", tanthauzo lake undipatse, komanso "ndabwereka khasu kwa aneba", tanthauzo lake ndatenga. Mneni mmodzi, mbali ziwiri. Chingerezi chimasiyanitsa: wopereka ndiye amachita lend, wolandira amachita borrow. N'chifukwa chake "borrow me your pen", imene ambirife tinakula tikuinena, aphunzitsi amaithetha pamayeso. Ndinamuuza mwanayo kuti aziganiza za kukongoza ndi kukongola ndalama, pamenepo nkhope inawala.

Choncho mawu enieni otsutsana ndi lend ndi borrow. Ena munatchula withhold, kumana munthu chinthu, ndipo ndikuvomereza, ngakhale kuti amagwira bwino m'ziganizo zina zokha.

Pa mawu ofanana tinapeza loan ndi advance. Loan ngati mneni amamveka kwambiri ku America, pomwe ku Britain amakonda kuwagwiritsa ntchito ngati dzina. Advance ndi wa ndalama zopatsidwa nthawi isanakwane, monga ya malipiro pakati pa mwezi.

Mawu oti give ndawakana ndithu, chifukwa chinthu chopatsidwa sichibwezedwa. Mwana analemba loan ndi borrow, ndipo anakhoza.