Ndingalakwe kugula choumba cha ku Bizen chosasunga ngakhale madzi?

NaBanda_Okayama

Abale anga, safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse kuno. Ndili ku Okayama, ku Japan, chaka chachitatu tsopano, maphunziro ndimaliza mu Marichi, koma pali chinthu chandisowetsa tulo ndipo si mayeso ayi.

Mwezi wa Okutobala ndinapita ku chikondwerero cha zoumba ku Imbe, mu mzinda wa Bizen. Chimachitika chaka ndi chaka kwa masiku awiri, ndipo pa sitima ya Ako Line ndi mphindi ngati 40 kuchokera kuno. Ndinkafuna tikapu tiwiri ta tiyi basi, kena ka mayi kena kanga. Mukangotsika pa siteshoni mumaona machumuni a njerwa zofiira atati njo pamwamba pa madenga, mitolo ya nkhuni za paini itaunjikidwa kuseri kwa nyumba. Tikaputo ndinagula, sitinavute. Nkhani inayamba nditakhotera m'kanjira kena pothawa chigulu cha anthu, n'kupezeka ndalowa pa bwalo la woumba wina wachinyamata.

Pa shelefu pake panali chinthu. Ndikuti chinthu chifukwa si mtsuko, si mphika, si nkhali. Kutalika kwake ndi kuyambira pa chigongono mpaka kunsonga kwa zala. Chili ndi mbali zitatu zosalingana, ngati mwala umene wina wauwaza ndi nkhwangwa, ndipo mbali ina ili ndi mpata wotsika mpaka pansi, moti mutathiramo madzi angotayika. Chilibe utoto, chilibe zonyezimira zija za pa mbale zadothi za m'sitolo. Kwina n'chakuda mofiirira ngati nkhoko zopserera. Kwina kuli timadontho tachikasu ngati wina anawazapo chitowe, ndipo eni ake amati goma, kutanthauza chitowe chomwecho. Mnyamatayo anati ndi phulusa la nkhuni limene linagwerapo n'kusungunuka. Ndinaima pamenepo mpaka mnzanga wa mu labu anachita kundikoka mkono.

Mtengo wake ndi ma yen 160,000. Ndalama imene ndimalandira pa mwezi siifika pamenepo.

Ndinatumizira mayi chithunzi pa WhatsApp. Yankho lawo: "Mwanawe, chimenechi ndi chitsa kapena? Komanso chapsa mbali imodzi, woumbayo sanachitembenuze." Bambo a kunyumba za chinthucho sanayankhepo n'komwe, anangondifunsa kuti ndalama imeneyo ndi malata angati.

Inu amene mwakhalitsa kuno kapena mumadziwa za zoumba, ndithandizeni. Zoterezi anthu amagula zoti mawa adzagulitse, kapena ndangoledzera ndi fungo la utsi? Nanga nditati ndigule, ndiyang'ane chiyani kuti ndisapusitsidwe?

Malume_Nagoya

Achemwali, ine ntchito yanga ndi yotumiza magalimoto, si zoumba, koma zaka 14 m'dziko lino zandionetsa zina. Zodzagulitsazo zichotseni m'mutu. M'zaka za m'ma 1980 ndalama zitasefukira kuno, anthu ankagula za ku Bizen ngati mandasi. Chuma chitagwa kumayambiriro kwa m'ma 1990, mitengo inagwa nacho. Lero ogula aja akumwalira, ana awo akukhuthula nyumba, ndipo mukalowa m'masitolo ogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito mupeza mitsuko ya maluwa ya ku Bizen itagona m'mabokosi ake pa mtengo wa chakudya chamasana. Zimene zimagwira mtengo ndi za mayina akuluakulu. Cha mnyamata amene sanadziwike, mukachigula lero n'kuchigulitsa mawa, ndalama yanu simuibweza.

Koma ngati mtima wakana kuchisiya, musachoke popanda bokosi. Amati tomobako. Ndi la thabwa lopepuka la mtengo wa kiri, lomanga ndi chingwe choluka, ndipo pa chivundikiro woumba amalembapo ndi inki dzina la chinthucho ndi dzina lake, n'kudindapo chidindo chofiira. Imeneyo ndiye blue book yake. Galimoto yopanda blue book mukudziwa mmene imagulidwira. Musalitaye, ndipo kunyumba asakalisandutse mosungira ulusi ndi singano. Yang'ananinso pansi kapena m'mbali mwa choumbacho, payenera kukhala chizindikiro chake chimene anakanda dongo lisanaume. Pemphani ndi kapepala ka mbiri yake, kosonyeza amene anamuphunzitsa ndi zionetsero zimene walowa.

Mwayi wanu ndi woti mukugula m'manja mwa mwini wake. Amene amapsa zala ndi ogula pa intaneti, akaona dzina la munthu wotchuka pa mtengo wozizira.

AnaPhiri_Leeds

Ndaseka ndi mawu a mayi anu mpaka ana andifunsa kuti chachitika n'chiyani. Koma musawaseke kwambiri, akunena zoona za kwathu. Agogo anga ku Ntcheu anali oumba mbiya, ine ndakula ndikuwasenzera dongo kuchokera ku mtapo. Ankaumba ndi manja, kusalaza ndi chitsononkho, kukulungiza ndi kamwala kosalala, mbiya n'kuuma pa mthunzi masiku angapo, kenako kuziunjikira nkhuni ndi makungwa pabwalo. Moto wake wa ola limodzi kapena awiri. Mtsuko wowotcha chonchi umatuluka thukuta, n'chifukwa chake madzi ake amazizira bwino. Ndipo ukatuluka ndi chibanga chakuda mbali imodzi, wogula amayamba kunenerera.

Nditabwera kuno ndinalowa kalasi ya zoumba ya madzulo, ndipo ndikatsikira ku London sindilephera kulowa m'chipinda cha zaluso za ku Japan ku V&A, nyumba yaikulu yosungiramo ndi kuonetseramo zaluso. Ndi mmene ndinadziwira kuti kuwotcha kwa ku Bizen n'kwina. Uvuni amausonkhezera usana ndi usiku, masiku 10 mpaka masabata awiri, kutentha kupitirira madigiri 1,200. Amayamba ndi moto wochepa chifukwa dongo lawo, lokumba pansi pa minda ya mpunga, lili ndi chitsulo chambiri ndipo limang'aluka mukalifulumizitsa. Likapsa limalimba ngati mwala, madzi osadutsa ngakhale sanapakepo kanthu. Mukabwererako kachigogodeni ndi chala. Mbiya ya agogo inkati di di. Chimenecho chiyenera kuti ngwee.

Ndiye chibanga chija, chimene kwathu n'chilema, kumeneko ndicho anthu akulipirira. Woumba amasankha malo a chinthu chilichonse mu uvuni asanayatse moto. Choyang'ana komwe kukuchokera lawi chimalandira phulusa, n'kutuluka ndi chitowe chanucho. Chokwiririka m'makala chimatuluka chotuwa ndi chakuda, amati sangiri. China amachikulunga ndi mapesi a mpunga, mapesiwo akapsa amasiya mizere yofiira ngati mkwapulo, ndiye hidasuki. Akakhazika kambale pamwamba pa mbale yaikulu, pamatsala bwalo lozungulira pomwe phulusa silinafike, botamochi, dzina la chakudya china chozuna cha mpunga. Auzeni mayi kuti sanaiwale kuchitembenuza, anachita dala. Ambiri amawotcha kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndipo si zonse zimatuluka zamoyo. Mukamawerenga 160,000 ija muwerengeremo nkhuni za masabata awiri ndi anzake amene anasanduka mapale.

Chimene chandigwira mtima ndi za bokosi zimene anena a Malume. Agogo anaumba zaka zonse zija, mbiya zawo zikadali m'midzi, koma palibe imodzi yomwe ili ndi dzina lawo.

Chisale_Joni

Ine ndili mbali ya bambo a kunyumbawo. Denga likamadontha mudzatchinga ndi chitsacho? Ndipo kumudzi kuli ana. Tsiku lina mudzachipeza pakhomo chikuletsa chitseko kutsekeka ndi mphepo, osanena kuti sindinanene.

Aphunzitsi_Kamanga

AnaBanda, ine ndimaphunzitsa zaluso, ndiye mundilole nditalikeko pang'ono. Funso lakuti choumba chosasunga madzi n'cha ntchito yanji, a ku Japan eni ake anakanganapo kalekale. Mu 1948 oumba achinyamata a ku Kyoto, Yagi Kazuo, Suzuki Osamu, Yamada Hikaru ndi anzawo, anayambitsa gulu lotchedwa Sodeisha. Anayamba ndi mitsuko ngati aliyense, kenako n'kumadzifunsa kuti kodi pakamwa pa mtsuko tikatsekapo, chotsalacho n'chiyani? Mu 1954 Yagi anaonetsa choumba chonga mkombero woimirira, timipope titatuluka mbali zonse, choti simungaikemo kalikonse. Gululo linakhalapo mpaka 1998, ndipo linatsegulira njira chinthu chimene chakusowetsani tulocho.

Ku Bizen zinachedwa kufika chifukwa ulemu wonse unali pa ziwiya za mwambo wa tiyi. Kaneshige Toyo, amene anatsitsimutsa kaumbidwe ka kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, boma linamupatsa mu 1956 ulemu uja amati chuma chamoyo cha dziko. Isezaki Jun analandira ulemu womwewo mu 2004, ndipo iyeyu ankaumba kale zinthu zazikulu zamakonamakona. Koma amene ndikufuna mumufufuze ndi wophunzira wake, Kakurezaki Ryuichi. Anabadwa mu 1950 ku zilumba za Goto m'chigawo cha Nagasaki, anaphunzira za design ku Osaka, ndipo ku Bizen anafika ngati mlendo, wopanda dongo losungiridwa ndi makolo. Anatola losakanikirana limene ena ankaliona ngati lotsika, n'kumalidula mbali zakuthwa. Mmene mwachifotokozera chinthu chanucho, ndi mdzukulu wa njira imeneyo. Ku Shigaraki nako, dera lina la oumba, kuli Kohyama Yasuhisa, wobadwa mu 1936, amene mu 1968 anamanga uvuni wa mtundu wakale wa anagama, ndipo amadula dongo ndi waya mpaka kuoneka ngati thanthwe losemedwa ndi mphepo. Zake zinafika mpaka ku Metropolitan Museum ku New York.

Ngozi ili apa: njira ikatchuka, otsanzira amachuluka. Kudula dongo makona atatu aliyense angathe. Ndiye musanalipire kaonereni kaye ntchito zenizeni za akuluakuluwo, ku Imbe komweko zimapezeka, kenako mubwerere kwa mnyamatayo maso atatsukika. Chizungulireni mbali zonse. Ngati chikukoma kumaso kokha, kumbuyo kuli zii, chisiyeni. Chinyamuleni mumve ngati kulemera kwake kukugwirizana ndi maonekedwe. Mufunseni kuti chinakhala pati mu uvuni, chifukwa amene anaganizira ntchito yake amayankha mosadodoma. Mukapeza mng'alu, funsani ngati ndi wa pamoto kapena wa kugwa. Wa kugwa ndi chilema. Wa pamoto nthawi zina ndiwo ulemerero wake: ku Gotoh Museum ku Tokyo kuli mtsuko wamadzi wa ku Iga wa zaka pafupifupi 400, wong'aluka mochititsa mantha, dzina lake Yaburebukuro, thumba long'ambika, ndipo uli m'kaundula wa chuma chofunika cha dziko. Chithunzi chake mukawatumizire mayi, ndikufuna ndidzamve zimene adzanene.

Achimwene a ku Joni, alendo akagula chosema ku Mua sitiwafunsa kuti chikasunga madzi angati. Koma za ana ndi chitseko mwanena zoona.

NaBanda_Okayama

Zikomo nonse, ngakhale inu a Chisale. Loweruka ndinabwererako. Ndinayamba ndi sitolo ina kumene kunali ntchito ziwiri za Kakurezaki, monga munanenera aphunzitsi. Mitengo yake ndinangoiyang'ana kamodzi n'kuika manja kumbuyo. Nditafika kwa mnyamata uja ndinaona kuti chake n'chofatsa, makona ake si aukali choncho, ndipo kumbuyo kuli mzere umodzi wofiira umene tsiku loyamba sindinauone. Sichinandichepere ayi.

AnaPhiri, ndinagogoda. Chinati ngwee mpaka mnyamatayo kuseka. Nditafunsa za malo ake mu uvuni sanayankhe ndi pakamwa, anatenga tochi, tinawerama n'kulowa. Mkati mukununkhabe utsi, makoma akunyezimira ndi phulusa losungunuka la zaka zambiri. Anandilozera pansi, pafupi ndi kabowo ka m'mbali koponyera nkhuni, n'kundionetsa ndi manja mbali imene inayang'ana moto. Anandisonyezanso anzake awiri a chinthucho, amene anakhala pafupi nacho. Onse ong'aluka pakati, ali kuseri kwa nyumba pa udzu.

A Malume, bokosi palibe pakadali pano. Akuti amaliitanitsa kwa mmisiri chinthu chikagulidwa, poyeza msinkhu wake, ndipo zitenga masabata atatu kuti alembepo. Kunenerera kuja ndinayesa, anangowerama mwaulemu mtengo osasuntha, koma anavomera kuti ndilipire kawiri. Anandilangizanso kuti pansi pake ndiziyalapo kansalu chifukwa chimakanda tebulo, ndipo pamene ndili kuno ndichimatire ndi tiphula tija toteteza ku zivomezi.

Ndalipira theka. Bambo a kunyumba ndawauza ndalama imene ndalipirayo, ndiye sindinaname. Mayi nditawatumizira mawu a kugogoda kuja anati ngati chikulira choncho ndiye chinapsa bwino, ndipo akufunsa ngati mnyamatayo sangawaumbire mtsuko weniweni.

Tsopano vuto lina. Ndikubwera pa Ethiopian kudzera ku Addis Ababa, ndipo chikwama cholowa nacho m'ndege amalola makilogalamu 7. Chinthucho ndi bokosi lake akuti chifika 6 ndi theka. M'sutikesi yopita pansi sindingachiike, ndinaonapo mmene masutikesi amafikira ku Lilongwe. Amene munadutsapo njira imeneyi posachedwa, laputopu amaiyeza pamodzi ndi chikwama kapena ndingainyamule pa mkono?