Siling'i yakuda, ma LED apepo a DJ, ma test a alubamu abwera ngati ndinajambulira kuphanga

Lenzi35:
Akuluakulu thandizeni mutu waima. Masabata awiri apitawo ndinajambula ukwati, masana zonse zinayenda bwinobwino koma titalowa mu holo madzulo ndi pomwe panagona nkhani. Siling'i yake ndi yakuda bii komanso ili kutali, mamita 7 kaya 8, kuwala kwa fulashi ndikakuponya mmwamba (bounce) osabwerera olo pang'ono ndimangotha mabatire. Makoma awiri anawakuta ndi nsalu zofiira. Ndiye DJ wabwera ndi ma LED ake apepo wawandanda pansi kuloza makoma ndi tebulo la akwati. Ine ndinali ndi fulashi imodzi ya V1 pa kamera, pa TTL (yodzisankhira yokha mphamvu), ISO 3200, f/2.8, 1/200, mapeto ake ndinangoloza fulashi kumaso basi nanga ndikanatani.

Zomwe zatuluka, zipumi zikunyezimira ngati anadzola mafuta, kumbuyo mdima wokhawokha, gauni pena loyera pena lapepo, suti ya mkwati yalowerera mu mdima mwangotsala mutu ndi kolala. Zomwe ndinajambula pa silent (shata yopanda phokoso) nthawi yomwe makolo amalankhula zili ndi mizere. Ndaedita masiku atatu pa laputopu mpaka zinayamba kuoneka bwino, ndatumiza masamba awiri ku labu kuti ndione kaye, abwera akuda, pepo uja wasanduka buluu wina wake wamatope. Akwati anasankha kale alubamu ya layflat (yotseguka n'kugona fulati) 12x12 ya matte, pepala losanyezimira. Ndiye funso langa lili pawiri, alubamu iyi ndiipulumutsa bwanji, komanso mwezi wamawa ndili ndi ukwati wina holo yomweyo ndikayatse bwanji. Chonde musandiuze zogula kamera ina.

MdalaManual:
Mphwanga ndasiyira kuwerenga pomwe walemba kuti TTL. Vuto lako ndi limenelo. Gauni loyera likadzaza frame TTL imaganiza kuti kwawala kwambiri n'kuchepetsa mphamvu, ukatembenukira ku suti yakuda imathira moto wonse. Anthu omwewo, malo omwewo, zithunzi ziwiri zosiyana. Ika manual.

Lenzi35:
Madala ndakumvani koma olo pa manual siling'i ija ikanakhalabe yakuda.

Mayi_Softbox:
Achimwene za mdima wakumbuyo si kamera, ndi masamu a kuwala. Munthu ali mamita 2 kuchokera pa fulashi, amene ali mamita 4 akulandira gawo limodzi mwa magawo anayi, ma stop awiri apita kale (stop imodzi ndi kuwala kuchepa ndi theka). Wa pa mamita 8 ma stop anayi. Fulashi ikakhala pamphumi panu palibe chomwe mungachite, wapafupi apsa wakutali asowa. Holo ngati imeneyo ine ndimaimika masitandi awiri m'makona moyang'anana, ndimawakweza mpaka mapeto, mafulashi a AD200 kapena ma speedlight wamba pa mphamvu ya 1/16 kapena 1/8 ndi grid kuti kuwala kusamwazike mu lenzi, ndiye ya pa kamera imangokhala ya fill, yochepetsa mithunzi pang'ono chabe. Ngati pali khoma limodzi loyera, olo nsalu yoyera kuseri kwa tebulo la akwati, bounce chammbali osati mmwamba. Koma makoma ofiirawo musayerekeze, nkhope zonse zibwera zofiira ndipo mudzalira pa editing kuposa panopa.

Kafulashi:
Nkhani ya masitandi mwaitchulayi ine mpaka lero mtima umagunda. Ndinaimika sitandi ndi ambulera pafupi ndi khomo, opanda sandbag, ndimati bola ndi mphindi zochepa. Wina watsegula chitseko mphepo yalowa, ambulera ija yasanduka tanga, chonsecho gwede mpaka pa tebulo la azakhali a mkwatibwi. Mwamwayi sichinamenye munthu, chinaphwanya matambula basi, koma holo yonse inakhala chete kundiyang'ana ine, nyimbo mpaka DJ anazimitsa. Fulashi inathyoka phazi. Kuyambira tsiku limenelo sitandi iliyonse ndimaimangirira ku chipilala kapena ndimakolekapo chikwama cha malenzi, mwendo umodzi kuloza komwe ingagwere, ndipo ambulera mu holo yodzaza ana ayi ndithu. Ana amaona sitandi ngati choseweretsa, ukangotembenuka akuzungulira.

Chikwama2:
Mizere ija ndi silent shutter aise. Sensor imawerenga mzere ndi mzere pomwe ma LED akuphethira, ndiye mbali ina yagwira atayaka ina atazima. Bwerera ku mechanical ukakhala pansi pa ma LED. Magetsi wamba a nyumba komwe kuli 50Hz amaphethira ka 100 pa sekondi ndiye 1/100 kapena 1/50 imathandiza, komwe kuli 60Hz ndi 1/125 kapena 1/60. Koma a DJ ndi nkhani ina, amawadima ndi PWM, kuyatsa ndi kuzimitsa kothamanga kwambiri, anti-flicker nthawi zambiri siigwira. Yesa usanayambe, jambula khoma uone. Zomwe zagwidwa kalezo sindikunamiza, mizere kuichotsa ndi chintchito, ine ndimangozitaya pokhapokha ngati ndi chithunzi chomwe palibe china.

Lenzi35:
Pali chimodzi cha bambo a mkwatibwi akupukuta misozi, palibe china. Mzere wadutsa pachipumi penipeni.

Chikwama2:
Eish. Black and white, ndiye upente ndi brush mzere ndi mzere. Konza khofi.

MdalaManual:
Akanakhala pa manual ndi fulashi sakanalowa ku silent n'komwe. Ndanena kale.

Mayi_Softbox:
Madala, nthawi yomwe bambo akulankhula akulira si aliyense amafuna kumawathwanimitsa fulashi kumaso, mwanayu anaganiza bwino kungoti magetsi anamupusitsa.

Koma achimwene za mwezi wamawazo samalani ndi malangizo omwe mumve akuti tsitsani shata kufika 1/30 kuti kumbuyo kuwale. Inde kuwala, koma pepo uja alowanso pa gauni ndi pakhungu, ndipo povina mukhala ndi mizukwa. Ine ndimayeza kaye opanda fulashi, ndimasiya ambient (kuwala kwa mu holo momwemo) ili pansi ndi stop imodzi ndi theka kaya awiri, kenako fulashi ndiyo igwire nkhope. White balance ndimaikhoma pa 5500K osati auto. Pepo akhale kumbuyo, anthu analipira kuti holo ioneke choncho, bola asakwere pankhope. Za gel (kapulasitiki kamtundu koika pa fulashi) musavutike, ya CTO ndi ya mababu achikasu aja a 3200K, kwa LED yosintha mtundu sekondi iliyonse palibe gel yomwe ingafanane nayo.

Kafulashi:
Komanso kalankhuleni ndi DJ musanayambe, mwaulemu, muwapemphe kuti polowa akwati ndi pa dansi yoyamba aike zoyera kapena achotse awiri oloza tebulo. Ena amamva ena amakuyankha kuti iwenso uli pa ntchito inenso ndili pa ntchito. Ndipo ngati ali ndi laser thawani nayo kamera. Mnzanga wina amajambula vidiyo, laser inadutsa mu lenzi kamodzi kokha, kuyambira pamenepo clip iliyonse ili ndi kamzere kapinki malo amodzimodzi. Sensor inapsa. Mirrorless ndiye ili pachiopsezo nthawi zonse poti sensor imakhala pamtunda.

WaLabu:
Ine ndimakhala mbali inayo ya kauntala ndiye ndiyankhe za alubamu. Sabata iliyonse amabwera wojambula atakwiya kuti mwandidetsera zithunzi, tikatsegula fayilo histogram yonse yaunjikana kumanzere, mbali ya mdima. Laputopu yanu ili pa brightness yonse, mukueditira usiku mu chipinda chamdima, chilichonse chioneka chowala. Sikirini imatulutsa kuwala yokha, pepala limadikira kuwala kwa mu chipinda. Tsitsani sikirini ifike cha mu 100 mpaka 120 cd/m2, ngati mulibe calibrator bwerekani, ndiye test print ija muiyang'anire pa windo masana osati pansi pa babu.

Chachiwiri matte. Matte ndi yokongola pa zithunzi za masana, zofewa, zowala. Koma black yake siifika pansi ngati ya lustre (pepala lonyezimira pang'ono), ndiye suti yakuda, tsitsi, khungu lakuda ndi mdima wa holo zonse zimakumana pa mtundu umodzi wotuwa. Ntchito yanu momwe mwaifotokozeramu pa matte ndi kudzipha. Pulintani tsamba limodzi lomwelo pa lustre ndi pa matte mukawaonetse akwati ndi maso awo, musakangane nawo pa foni. Glossy sindikulimbikitsani, zala za alendo zonse zimatsala pamenepo.

Chachitatu pepo wa LED uja pepala silingamutulutse, ali kunja kwa gamut (mitundu yomwe pepala lingakwanitse), makina amangosankha mtundu wapafupi ndiye ndi matope mukuwaonawo. Pemphani ICC profile ya pepalalo muchite soft proof (kuonera pa sikirini momwe zidzatulukire pa pepala), mutsitse saturation ya purple ndi magenta nokha mpaka warning ichoke, kusiyana ndi kusiyira makina. Mufunsenso ngati auto correction inali yoyatsa. Ndipo export yanu inali sRGB? Mukatumiza Adobe RGB kumalo komwe makina sawerenga profile mitundu imafwifwa.

Lenzi35:
sRGB inde, 300 dpi. Brightness ndiye ndaona pompano ili pa 100%, manyazi andigwira. Koma ndikakweza ma shadows pa ISO 3200 noise ikutuluka ngati mchenga.

WaLabu:
Mukuiona pa zoom ya 100%. Pa pepala theka lake simuliona. Musaifafanize mpaka khungu kukhala ngati pulasitiki, chimenecho ndiye chimaoneka.

MdalaManual:
Zonsezi za ICC ndi soft chiyani kaya ndi mankhwala a matenda odziyamba dala. Ife tinajambula maukwati pa filimu ya 400, ma frame 36, osaona kumbuyo kwa kamera, f/5.6, fulashi pa bracket, mtunda umauyeza ndi maso. Labu siinkadandaula. Exposure ikakhala imodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto alubamu imadzipanga yokha. TTL imakupatsa zithunzi 800 chilichonse ndi exposure yake ndiye uzikhalira masiku atatu.

Chikwama2:
Madala pa dansi anthu akubwera pafupi n'kubwerera mmbuyo sekondi iliyonse, manual pa kamera muzisintha ndi chala chiti? Za m'makona manual inde, ya pamwamba TTL ndi minus 1, ambiri timatero.

MdalaManual:
Umasuntha ndi miyendo, mtunda ukhale womwewo. Miyendo muli nayo.

Mayi_Softbox:
Tisiye za miyendo. Achimwene pa design, zithunzi za mu holo musazipatse tsamba lonse. Zikuluzikulu zikhale za masana zomwe mwati zili bwino, za usiku zing'onozing'ono zinayi kaya zisanu ndi chimodzi pa spread (masamba awiri oyang'anana), ndipo musasakanize chapepo ndi cha black and white tsamba limodzi, diso limathamangira pa cholakwikacho. Background ikhale yoyera, mukaika yakuda pa matte mwawonjezera mdima pa mdima. Komanso layflat musanamizike kuti ilibe pakati, mzere wopinda ulipo. Ine ndinaikapo chithunzi cha gulu pa spread yonse, mkwatibwi pakatikati monga mwa nthawi zonse, alubamu kubwera mzere wadutsa pamphuno pake kutsika mpaka pa maluwa. Mayi ake anangotsegula, kuyang'ana, kutseka, osalankhula kanthu. Ndinapulintitsanso ndi ndalama zanga. Mmphepetenso siyani malo, pocheka amadya mamilimita atatu kapena kuposa, wa kumapeto kwa mzere amatsala phewa lokha.

Kafulashi:
Black and white yambiri samalaninso. Ine kasitomala wina anandifunsa kuti inki inatha? Amati ife tinasankha mitundu ya ukwati miyezi isanu ndi umodzi inu mwaichotsa. Muwauze kaye musanapulinte, ndipo avomereze design polemba, pa meseji, osati pakamwa.

Chikwama2:
Kuvomereza komweko kumatenga chaka. Ndili ndi awiri pano sanasankhebe zithunzi, wina mwana wayamba kuyenda. Masiku ano ndimasankha ndekha, ndimapanga design yonse, ndimawapatsa mpata wosintha kawiri basi. Ukawatumizira 700 kuti asankhe 60 sudzawaonanso.

Mayi_Softbox:
Kawiri n'kochuluka. Ine kachiwiri kamakhala ka apongozi, amabwera ndi mayina a anthu omwe sanaoneke mu alubamu.

WaLabu:
Ndipo akabwera pakatha zaka ziwiri pepala lomwe munawaonetsa sample lija mwina tinasiya kuitanitsa, chikuto mtundu uja kulibe. Muzilemba mu contract kuti zipangizo zitha kusintha.

MdalaManual:
Mphwanga wa funso uja, mwezi wamawa usanapite undiimbire ndikubwereke bracket ndi chingwe. Koma TTL uisiye kunyumba.

Kafulashi:
Pa nkhani ya mabatire mwatchula koyambirira ija, alipo amene V1 yake ikumatentha n'kuyamba kuchedwa recycle (kudzazanso mphamvu) pakati pa dansi? Yanga ikafika pamenepo ndimadikira masekondi angapo, sindikudziwa ngati ndi batire kapena ndikuithamangitsa pa full kwambiri.

Chikwama2:
Full power motsatizana imadziteteza yokha kuti isapse. Kweza ISO utsike ku 1/8. Lenzi35 akwati aja avomera lustre?