Avereji ya nthawi yogona ikundisokoneza

Wa ku Chinamwali: Anzanga thandizeni, ndikupanga asainimenti ya statistics, ndinafunsa anthu nthawi imene amagona, wina 23:00 wina 01:00, ndikuwerengetsa avereji ikutuluka 12 koloko masana. Ndiye kuti chani??

Mlongo wa pa Matawale: Kkkk palibe amagona masana achimwene. Wotchi imazungulira, ikafika 24 imayambiranso, ndiye 01:00 uja mulembe 25, avereji ibwera 24, pakati pa usiku.

Mkulu wa ku Mpondabwino: Zoona. Komanso nthawi ya pa wotchi si ngati makilo a chimanga, 4 koloko sikuti ndi 2 koloko kuwirikiza kawiri ayi. Ndipo ngati pali mmodzi wogona 4 koloko m'bandakucha, gwiritsani median (nambala ya pakati mukazindandalika kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu), chifukwa mean, avereji ija, amakokedwa ndi ameneyo.

Wa ku Chinamwali: Zikomo akulu, alipodi wotero.