Knysna pa tchuthi: kuli chochita kupatula kudya ma oyster?

Mayi wa ku Parow:
Moni nonse. Bambo a kunyumba awapatsa tchuthi kuntchito, ndiye tikufuna tituluke mu Cape Town ndi anyamata athu awiri, wina wa kusekondale, wina akumaliza pulayimale. Mnzanga wa kutchalitchi akuti tipite ku Knysna, koma zithunzi zimene wandionetsa ndi za malesitilanti ndi maboti a anthu olemera basi. Ana angawa sakhala pansi. Akufuna kupalasa bwato, kutchova njinga, kulowa m'nkhalango. Bambo awo anakulira ku Nkhotakota, akuti madzi sawaopa, koma ine mtima uli m'mwamba. Amene munafikako, n'koyenera anthu a thumba lopyapyala ngati ife? Nanga tipite Disembala kapena tidikire?

Kalipentala wa ku George:
Mayi, pitani. Ine ndimakhala ku George, makilomita pafupifupi 60 kuchokera kumeneko, ndipo ndimapitako kawirikawiri chifukwa cha ntchito ya matabwa. Zimene mwaonazo ndi nkhope ya lero chabe. Tauni imeneyi inakula ndi mitengo. Banja la Thesen lochokera ku Norway linakhazikika kumeneko mu 1870, ndipo pambuyo pake linamanga fakitale yocheka matabwa pachilumba chimene pano chimatchedwa Thesen Island. Fakitaleyo inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, malowo anamangapo nyumba zodula. Nyumba ya makina opangira magetsi anaisandutsa hotela, makina akale aja akadali mommo, anangowapaka penti. Kuyenda pachilumbapo n'kuona, osatulutsa ndalama, n'kotheka.

Koma kumene ndikukutumizani ndi kunkhalango ya Diepwalle. Mutenge msewu wa R339 wolowera ku Uniondale. Mbali ina ndi wafumbi, muyende pang'onopang'ono. Kumeneko kuli njira zitatu za Elephant Walk, iliyonse pakati pa makilomita 7 ndi 9, ana anuwo atha bwinobwino. Mudzadutsa mmene ankadutsa odula mitengo akale, anthu osauka amene ankagwetsa yellowwood ndi stinkwood ndi nkhwangwa, ng'ombe n'kumakoka zipikazo. Boma linawachotsa m'nkhalangomo mu 1939 poona kuti mitengo ikutha. Ndiye mitengo ikuluikulu imene muione ndi yopulumuka nkhwangwa. Pali wina wotchedwa King Edward VII, yellowwood wa zaka zoposa 600. Ine woti tsiku lililonse ndimapala matabwa, nditaima pansi pake ndinayamba kuwerengera m'mutu kuti mutuluka zitseko zingati. Khungwa lake limasendeka m'zibenthuzibenthu, ndele zili lendelende m'nthambi, ndipo pansi pamakhala chinyezi ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Za njovu musawalonjeze ana. Kafukufuku wa SANParks, bungwe la boma loyang'anira nkhalangoyi ndi malo ena otetezedwa, amene anatuluka mu 2019 anapeza yaikazi imodzi yokha, ndipo ngakhale ogwira ntchito m'nkhalangomo saiona kawirikawiri. Chimene muone ndi mbalame ya Knysna loerie, yobiriwira, ikauluka mapiko ofiira psuu.

Njinga ndi ku Harkerville, panjira yopita ku Plettenberg Bay. Njira ya chizindikiro chofiira ndi ya akatswiri, wamng'onoyo ayambe ndi zazifupi.

NamwinoPE:
Ine ndiyankhe za bambowo. Achimwene, nyanja ya kwathu ndi ina, iyi ndi ina. Ku Nkhotakota madzi sakwera n'kuphwa kawiri patsiku. Ku Knysna kuli damu lalikulu lolumikizana ndi nyanja yamchere, ndipo lonselo limadzaza ndi kukhuthuka kudzera pampata wopapatiza wa pakati pa matanthwe awiri otchedwa The Heads. Madzi akamatuluka amathamanga ngati mtsinje wosefukira, ndipo pamenepo panamira zombo zenizeni, china ndi Paquita mu 1903. Mukabwereka kabwato ka kayak mufunse nthawi imene madzi akulowa, mupalase molowera kumtsinje, osati ku Heads. Mupite m'mawa mphepo isanadzuke, ndipo jekete yoyandamitsa aliyense avale, bambo omwe.

Kusambira, wamng'onoyo mupite naye ku Bollard Bay pa Leisure Isle, madzi ake ndi odekha. Akafuna mafunde, Buffalo Bay, pakati pa mbendera zosonyeza malo osambira. Ku Brenton-on-Sea n'kokongola koma madzi amakokera mkati, kumeneko muzingoyenda pamchenga. Mukachoka kutchire muwayang'ane ana nkhupakupa m'miyendo ndi m'khwapa.

Tchale93:
Akuluakulu mwaiwala chachikulu: mapasipoti. Malo a SANParks ali ndi mitengo itatu yolipira pageti, wa nzika ndi okhazikika muno mu South Africa, wa anthu a m'maiko a SADC, ndi wa alendo ena onse. Malawi ili mu SADC, koma popanda chikalata pageti mulipira mtengo wa alendo ochokera kutali. Disembala ayi, mayi. Msewu wa N2 umadutsa pakati penipeni pa tauni, magalimoto amachita kukwawa, malo ogona amakwera mtengo. Oyster Festival ya nthawi yozizira nayo imadzaza anthu. Tchuthi cha sukulu cha Marichi kapena cha kumapeto kwa Seputembala ndiye chabwino. Mutenge majekete a mvula, kumeneko imagwa mwezi uliwonse. Ndipo mkuluyo mupite naye pa mlatho wa Bloukrans akadumphe bungee, kudziponya pansi atamangidwa chingwe, mamita 216!

Kalipentala wa ku George:
Mphwanga Tchale, ndalama ya kudumpha kamodziko ikwanira banja lonse kulowa m'nkhalango ndi kudya. Akaonere ena akudumpha basi. Chinanso mayi, moto muzikoleza pamalo ololedwa pokha. Anthu a kumeneko sanaiwale moto wa mu Juni 2017 umene unapha anthu n'kutentha nyumba mazanamazana.

Mayi wa ku Parow:
Zikomo nonse. Tasankha Marichi. Bambo awerenga za anamwino aja, angoti "chabwino" osawonjezera kanthu. Za bungee ndafufuta mwana asanaone. Funso lina: ku Diepwalle kagalimoto kakang'ono kangafike mvula itagwa, kapena tiyang'ane tsiku louma?